Parley P. Pratt: Mlaliki Wosakhazikika ndi Banja Limene Ankalisiya M'mbuyo

M'misewu ya ku Blantyre ndi ku Lilongwe timakumana ndi anyamata oyenda awiriawiri, ovala malaya oyera ndi mataye, baji yakuda ili pachifuwa. Ambiri timangowatchula kuti a Mormon. Dzina lenileni la mpingo wawo ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, ndipo unakhazikitsidwa pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York ku America, pansi pa utsogoleri wa Joseph Smith. Mwambo wotumiza alaliki kutali unayamba chaka chomwecho, ndipo mmodzi mwa oyamba kutumidwa anali mlimi wosauka wa zaka 23, dzina lake Parley Parker Pratt.

Mbiri ya munthu ameneyu ili ndi mbali ziwiri. Mbali yodziwika ndi ya maulendo, mabuku ndi anthu amene anawakopera mumpingo. Mbali ina ndi ya kunyumba: akazi 12, ana 30, ndi umphawi umene sunachoke pakhomo pake mpaka tsiku la imfa yake. M'nkhani ino tiyenda ndi mbali zonse ziwiri, chifukwa tikawerenga yoyamba yokha sitingadziwe amene ankasenza katundu wa maulendowo.

Kumene anachokera

Parley anabadwa pa 12 Epulo 1807 ku Burlington, m'chigawo cha New York. Anali wachitatu mwa ana aamuna asanu a Jared Pratt ndi Charity Dickinson. Kholo lawo lakale, William Pratt, linali m'gulu la Angerezi amene anayambitsa mudzi wa Hartford ku Connecticut cha m'ma 1636, koma ulemu wa dzinalo sunasiyire Jared chuma chilichonse. Iye anali woomba nsalu ndiponso waganyu, ndipo ankasamuka ndi banja lake kufunafuna pogwira. Parley anapita kusukulu mwa apo ndi apo. Chimene anali nacho chinali chizolowezi chowerenga, makamaka Baibulo.

Atalephera kumaliza kulipira munda umene anagula pangongole, anapita kumadzulo, kunkhalango za Ohio, mu 1826. Chaka chotsatira anabwerera kwawo kukakwatira Thankful Halsey, mkazi wamasiye amene ankamuposa ndi zaka 10, ndipo awiriwo anakamanga nyumba ya mitengo kumadzulo kwa mzinda wa Cleveland. Kumeneko anamva ulaliki wa Sidney Rigdon, mmodzi mwa alaliki amene ankafuna kubwezeretsa Chikhristu cha nthawi ya atumwi. Parley anagwirizana nazo, koma funso limodzi linkamuvutabe: ndani anapatsa alalikiwa mphamvu yobatiza?

Mu 1830 anagulitsa mundawo kuti azilalikira. Iye ndi Thankful ali m'boti pa ngalande ya Erie, Parley anatsikira panjira pa tauni ya Newark n'kusiya mkazi wake apitirize yekha ulendo wopita kwa abale. Kufupi ndi kumeneko dikoni wina wa Baptist anamubwereka Buku la Mormon, limene linali litangosindikizidwa chaka chomwecho ku Palmyra. Analiwerenga tsiku lonse, nakhulupirira, ndipo kumayambiriro kwa Sepitembala Oliver Cowdery anamubatiza m'nyanja ya Seneca. Pa 19 Sepitembala iye anabatiza mng'ono wake Orson, amene pambuyo pake anadzakhalanso mtsogoleri wamkulu mumpingowo.

Zimene zinachitika pa botipo zinadzabwerezeka moyo wake wonse. Parley akamva kuti waitanidwa ankanyamuka nthawi yomweyo, mkazi n'kutsala akudzionera yekha.

Ulendo umene unasintha mpingo

Mu Okutobala 1830 Parley anatumidwa pamodzi ndi Oliver Cowdery, Peter Whitmer Jr. ndi Ziba Peterson kukalalikira kwa mitundu ya eni dziko la America, kumalire a kumadzulo kwa Missouri. Anayenda makilomita pafupifupi 2,400, mbali yaikulu wapansi, m'nyengo ya chisanu choopsa. Atafika anangolankhula pang'ono ndi anthu a mtundu wa Delaware, kenako wogwira ntchito m'boma anawathamangitsa chifukwa analibe chilolezo.

Phindu la ulendowo linapezeka panjira. Podutsa ku Ohio, Parley anakaona mphunzitsi wake wakale Sidney Rigdon n'kumupatsa bukulo. M'masabata ochepa Rigdon ndi anthu pafupifupi 130 a m'dera la Kirtland anabatizidwa. Kagulu kakang'ono ka ku New York kanakula mwadzidzidzi, ndipo mu 1831 Joseph Smith anasamutsira likulu la mpingo ku Kirtland komweko.

Mu Febuluwale 1835 Parley anadzozedwa kukhala mmodzi mwa atumwi 12 oyamba a mpingowo. Mu 1836 anapita ku Toronto, m'dziko la Canada, ali ndi ngongole zambiri ndiponso mkazi wake akudwala chifuwa chachikulu. Kumeneko anabatiza John Taylor, amene anadzakhala mtsogoleri wachitatu wa mpingo wonse, ndi banja la Fielding. Kudzera mwa abale a banja limeneli amene anali ku England, khomo lolalikira ku Britain linatseguka chaka chotsatira.

Apa nkhaniyi ikukhudzana pang'ono ndi mbiri ya ife a Adventist. M'zaka zomwezi William Miller wa ku Low Hampton, m'chigawo chomwecho cha New York, ankalalikira za kubweranso kwa Yesu. Buku lotchuka la Parley, A Voice of Warning, limene linatuluka mu 1837, nalonso linkanena kuti maulosi a m'Baibulo adzakwaniritsidwa monga momwe analembedwera ndiponso kuti mapeto ayandikira. Magulu awiriwa anakulira m'dera limodzi ndi m'nyengo imodzi, koma anasiyana pa maziko: a Mormon analandira mabuku ena opatulika kuwonjezera pa Baibulo, pamene Miller ndi omutsatira anaima pa Baibulo lokha. Parley anamwalira zaka 6 mpingo wa Seventh-day Adventist usanakhazikitsidwe mu 1863.

Maliro, ngongole ndi ndende

Parley ndi Thankful anakhala pafupifupi zaka 10 opanda mwana. Pa 25 Malichi 1837 Thankful anabereka mwana wamwamuna, Parley Jr., ndipo patangopita maola ochepa anamwalira. Pasanathe miyezi iwiri Parley anakwatira Mary Ann Frost Stearns, mkazi wamasiye amene anali ndi mwana wake wamkazi.

Chaka chomwecho banki imene atsogoleri a mpingo anayambitsa ku Kirtland inagwa, ndipo anthu ambiri anataya ndalama. Parley anali pangozi yotaya nyumba yake. Analembera Joseph Smith kalata yaukali yomudzudzula pa nkhani ya malonda a malo. Patapita kanthawi anapepesa n'kubwerera, koma adani a mpingo anadzaisindikiza kalatayo m'nyuzipepala.

Banjalo linasamukira ku Missouri, kumene mkangano pakati pa a Mormon ndi anansi awo unasanduka nkhondo mu 1838. Parley anamenya nawo nkhondo ya pa mtsinje wa Crooked pa 25 Okutobala, imene inaphetsa anthu mbali zonse ziwiri. Patapita masiku awiri bwanamkubwa Lilburn Boggs analamula kuti a Mormon achotsedwe m'chigawocho kapena aphedwe. Parley anamangidwa pa mlandu wakupha ndipo anakhala miyezi pafupifupi 8 m'ndende za ku Richmond ndi ku Columbia. Mary Ann analibe pokhala, motero kwa miyezi ingapo ya chisanu anakakhala naye m'ndende momwemo pamodzi ndi ana. Ndi iye amene anatulutsa mobisa mapepala a buku limene mwamuna wake ankalemba lofotokoza mazunzo a ku Missouri. Pa 4 Julayi 1839, tsiku lokondwerera ufulu wa America, Parley anathawa mothandizidwa ndi Orson nakapeza banja lake ku Illinois.

Sanakhalitse pakhomo. Mu 1840 anali ku Manchester, m'dziko la England, monga mkonzi woyamba wa magazini ya Millennial Star, imene inapitiriza kutuluka mpaka 1970. Analemba timabuku toyankha otsutsa ndi nyimbo zambiri zimene mpingo wawo ukuimbabe. Joseph Smith ankaphunzitsa kwambiri pakamwa ndi mwa zidutswazidutswa, ndipo anali Parley amene ankasanja ziphunzitsozo m'mabuku oti munthu wamba awerenge n'kumvetsa. Buku lake lina lalikulu, Key to the Science of Theology, linatuluka mu 1855.

Mitala

Atabwerera ku Nauvoo, mzinda umene a Mormon anamanga ku Illinois, Parley anapeza kuti Joseph Smith akuphunzitsa mwachinsinsi chiphunzitso cha mitala. Kuti timvetse chifukwa chake munthu wokonda Baibulo anachilandira, tiyenera kudziwa zimene gululi linkakhulupirira. Linkaphunzitsa kuti ukwati womangidwa ndi ansembe awo suthera kumanda, kuti banja limapitirira mpaka muyaya, ndi kuti mwamuna wa banja lalikulu adzakhala ndi ulemerero waukulu m'dziko likudzalo. Linkatchulanso Abrahamu ndi Yakobo monga zitsanzo. Kwa Parley, amene anali ataika mkazi wake woyamba m'manda, lonjezo la banja losatha linali lamphamvu kwambiri.

Mu Julayi 1843 anakwatira Elizabeth Brotherton, mtsikana wa ku Manchester. Ena anatsatira mu 1844 ndi m'zaka zotsatira. Zonsezi zinkachitika mobisa chifukwa malamulo a boma ankaletsa, ndipo poyera atsogoleri ankakana kuti kulibe mitala. Mary Ann anavomera poyamba, koma maukwati ena anamangidwa iye osadziwa. M'nyengo yomweyo anaika ana ake awiri m'manda. Pamene gulu linkachoka ku Nauvoo mu 1846, Joseph Smith ndi mkulu wake Hyrum ataphedwa m'ndende ya Carthage pa 27 Juni 1844, Mary Ann sanapitirize ulendo ndi mwamuna wake. Anadzafika ku Utah mu 1852, ukwati wawo unatha mu 1853, ndipo anakhala moyo wake wotsala akugwira ntchito ya uzamba.

Si akazi onse amene anaona zinthu monga Mary Ann. Belinda Marden, mmodzi mwa akazi a Parley, analemba kalata yaitali yoikira kumbuyo mitala, imene inasindikizidwa mu 1854. Akazi angapo a pakhomopo ankalera ana pamodzi ndi kuthandizana pa matenda. Komabe chuma cha banjalo chinali chochepa. Alaliki a mpingowo ankayenda popanda malipiro, kudalira chifundo cha anthu amene ankawalandira. Parley akachoka kwa chaka kapena ziwiri, akazi ndi amene ankalima, kusoka, kuphunzitsa ndi kugulitsa kuti ana adye.

Nkhani ya akaziyi inayambanitsanso abale awiri aja. Mu Januwale 1846 Parley ndi Orson anakangana koopsa m'kachisi wa ku Nauvoo, ndipo ubale wawo unazizira kwa zaka zingapo. Chimene chinawayanjanitsa mu 1853 chinali mbiri ya makolo. Orson anapeza zolembedwa zolumikiza bambo awo Jared ndi William Pratt wa ku Hartford uja, ndipo makalata okamba za mzera wa makolowo anatsegula njira yopepesana.

Ku Utah ndi ku Chile

Parley anafika m'chigwa cha Salt Lake mu 1847 akutsogolera limodzi la magulu a ngolo. Anatsegula msewu wolipiritsa wodutsa m'chigwa chimene lero chimatchedwa Parleys Canyon, momwe mukudutsa msewu waukulu wa Interstate 80. M'chisanu cha 1849 mpaka 1850 anatsogolera gulu lofufuza malo kummwera kwa Utah.

Mu 1851 anakwera sitima ku San Francisco kupita ku Valparaíso, m'dziko la Chile, pamodzi ndi mkazi wake Phoebe Soper, amene anali woyembekezera, ndi mlaliki mnzake Rufus Allen. Ulendowu unalephera kotheratu. Dzikolo linali pa nkhondo yapachiweniweni, malamulo ake ankangolola chipembedzo cha Katolika poyera, ndalama zinawathera, ndipo Chisipanishi cha Parley sichinali chokwanira kulalikira. Mwana wawo Omner anabadwira konko n'kumwalira patangopita masabata ochepa. Mu Malichi 1852 ananyamuka kubwerera osabatiza munthu ndi mmodzi yemwe, atasiya manda a khanda lawo ku Valparaíso.

Imfa ya ku Arkansas

Mkazi wake womaliza anali Eleanor McComb McLean. Iye analowa mpingo ku San Francisco mu 1854, mwamuna wake Hector McLean asakukondwera nazo. Eleanor ankanena kuti Hector anali woledzera ndi wankhanza. Hector anatumiza ana awo atatu kwa agogo awo akuchikazi ku New Orleans kuti awatalikitse ndi chipembedzocho. Eleanor anachoka pa ukwatiwo n'kupita ku Utah, ndipo mu Novembala 1855 Brigham Young anamumanga ukwati ndi Parley, ngakhale kuti khoti linali lisanathetse ukwati wake woyamba.

Chakumapeto kwa 1856 Eleanor anapita ku New Orleans natenga awiri mwa anawo mobisa. Parley, amene anali pa ulendo wolalikira kummawa kwa America, anakonza zokumana naye panjira. Hector anawalondola, nawatulutsira chikalata chowamangira, ndipo onse awiri anagwidwa n'kupita nawo ku Van Buren, m'chigawo cha Arkansas. Woweruza sanapeze chifukwa chowasungira ndipo anamasula Parley m'mawa kwambiri kuti athawe. Hector ndi anzake awiri anamuthamangira pa akavalo, namupeza pafupi ndi kumene lero kuli tauni ya Alma. Hector anamubaya ndi mpeni n'kumuwombera. Parley anamwalira tsiku lomwelo, pa 13 Meyi 1857, ali ndi zaka 50. Hector sanalangidwe.

A Mormon amamutenga Parley ngati wofera chikhulupiriro. Nyuzipepala zambiri za nthawiyo zinamutenga ngati wolanda mkazi wa mwini amene analandira zomuyenera. Ife owerenga a lero tikhoza kugwira mfundo zingapo nthawi imodzi: Eleanor anali ndi zifukwa zothawira, ukwati wake ndi Parley unali wosemphana ndi lamulo, ana anakokedwa uku ndi uku ndi akuluakulu, ndipo kupha munthu amene khoti lamumasula ndi mlandu wakupha basi.

Patapita miyezi inayi, pa 11 Sepitembala 1857, asilikali a Mormon a kummwera kwa Utah anapha apaulendo pafupifupi 120 ochokera ku Arkansas pamalo otchedwa Mountain Meadows, nasiya ana aang'ono 17 okha. Apaulendowo analibe mbali iliyonse pa imfa ya Parley, koma imfayo inali imodzi mwa nkhani zimene zinakolezera mkwiyo ndi mantha ku Utah chaka chimenecho.

Mbewu imene anasiya

Parley anasiya akazi amasiye angapo ndi ana ambiri aang'ono. Mwana wake woyamba, Parley Jr., anali ndi zaka 20, ndipo ndi iye amene anadzasonkhanitsa zolemba za bambo ake n'kusindikiza mbiri ya moyo wawo mu 1874. Ana 30 aja anabereka adzukulu 266.

Nthambi imodzi ya banjali ikutionetsa mmene zosankha za kholo zimayendera m'mibadwo. Helaman Pratt, mwana wa Parley mwa Mary Wood, anabadwa mu 1846 ku Iowa, gulu lili pa ulendo wothawa ku Nauvoo. Iyenso anakwatira mitala. Boma la America litakhwimitsa malamulo oletsa mitala mu 1882, mabanja ambiri otere anasamukira kumpoto kwa Mexico, ndipo Helaman anakhazikika kumeneko. Mpingo unalengeza zosiya mchitidwewo mu 1890, ndipo lero umachotsa aliyense wokwatira mitala.

Mwana wamkazi wa Helaman, Anna Amelia, anakwatiwa ndi Gaskell Romney. Mwana wawo George Romney anabadwira ku Colonia Dublán, m'chigawo cha Chihuahua, mu 1907, ndipo banjalo linathawira ku America mu 1912 chifukwa cha nkhondo ya ku Mexico. George anadzakhala bwanamkubwa wa Michigan. Mwana wake Mitt Romney anakhala bwanamkubwa wa Massachusetts ndipo anapikisana ndi Barack Obama pa chisankho cha pulezidenti mu 2012.

Mwana wina wa Helaman, Rey L. Pratt, anakulira ku Mexico ndipo ankalankhula Chisipanishi ngati mbadwa. Anatsogolera ntchito ya mpingo wawo m'dzikolo kuyambira 1907 mpaka imfa yake mu 1931. Mu Disembala 1925 anali mmodzi mwa atsogoleri atatu amene anakatsegula ntchitoyo ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina. Chilankhulo chimene chinagonjetsa agogo ake ku Valparaíso ndi chimene iye ankalalikira ndi kumasulira mabuku.

Parley asanamwalire anapempha kuti mtembo wake ukaikidwe ku Utah. Mu 2008 zidzukulu zake zinalandira chilolezo cha khoti chofukula manda a ku Arkansas, koma akatswiri sanapeze mafupa oti n'kuwazindikira, ndipo mwala wa chikumbutso udakali komweko.

Zimene tingatolepo

Sitiyenera kuvomereza ziphunzitso za Parley kuti tiwerenge mbiri yake mwachilungamo. Anali wolimba mtima, wodziphunzitsa yekha, ndipo cholembera chake chinaumba chipembedzo chimene lero chili ndi anthu mamiliyoni. Analinso munthu amene anabisira mkazi wake maukwati, ndipo changu chake chinasiyira ena ngongole ndi maliro. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo mbiri yotchula imodzi yokha imakhala yoperewera.

Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa kutali ndi kwathu, ena ku zipatala za kumidzi, ena ku masukulu, ena kukaweta mipingo. Tidzakhala ndi zifukwa zabwino zochokera pakhomo, ndipo anthu adzatiyamikira. Mbiri ya banja la Pratt ikutifunsa ngati amene tidzawasiye kunyumba adzakhale atafunsidwa maganizo awo, ngati adzakhale akudziwa zonse zimene ife tikudziwa, ndiponso ngati adzakhale ndi chakudya ife kulibe.

Ikutikumbutsanso za kalembedwe ka mbiri. Tikadzapatsidwa ntchito yolemba za apainiya a mpingo, a sukulu kapena a chipatala, tidzafufuzenso mayina a akazi ndi ana awo. M'mbiri ya Parley P. Pratt, mayina a Thankful Halsey, Mary Ann Frost, Phoebe Soper ndi khanda Omner akutiuza zinthu zimene sitingazipeze pa mndandanda wa maulendo ake.